Mwini nyumba wagwa ndi ngongole: zoyenera kuchita ngati mukuchita lendi

Khoti likagamula kuti munthu walephereratu kubweza ngongole, katundu wake amachoka m'manja mwake n'kupita kwa munthu amene wasankhidwa kuti amuyang'anire, amugulitse, ndalama zake agawire okongoza. Nyumba imene mukuchitamo lendi ili m'gulu la katunduyo. Koma mgwirizano wanu sufera pomwepo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona banja likulongedza usiku chifukwa cha mphekesera chabe.

Choyamba, tsimikizani nkhaniyo. Pemphani kalata ya kukhoti kapena ya woyang'anira katunduyo, yokhala ndi dzina lake ndi nambala ya mlandu. Uthenga wa pafoni wakuti "kuyambira lero muzitumiza lendi kuno" si umboni. Akuba amakonda nthawi ngati imeneyi.

Chachiwiri, musasiye kulipira lendi. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Amati poti mwini nyumba wagwa, ndiye kuti akhala mwaulere. Ayi ndithu. Lendi ija tsopano ndi ya okongoza, ndipo woyang'anira ali ndi mphamvu yokutulutsani mukapanda kulipira. Vuto lina n'kupatsa munthu wolakwika. Mwini nyumba akhoza kubwera madzulo, nkhope ili yachisoni, n'kupempha kuti mumupatse pamanja ya miyezi itatu. Mukamupatsa mutadziwa kale za chigamulo, mukhoza kulipiranso kachiwiri. Ngati simunadziwe wolandira, sungani ndalamazo padera osazikhudza, mulembe kalata yofunsa koyenera kulipira.

Chachitatu, sonkhanitsani mapepala: mgwirizano wosainidwa, malisiti onse, mauthenga, ndi zithunzi za mmene nyumba ilili.

Chachinayi, londolani dipoziti yanu. Funso ndi lakuti inasungidwa kuti. Ikakhala mu akaunti yapadera, kawirikawiri imatetezeka. Ku England ndi Wales, kuyambira mu 2007 lamulo limakakamiza eni nyumba ambiri kuteteza dipoziti kudzera m'mabungwe ovomerezeka ndi boma. Koma ngati mwini nyumba anaisakaniza ndi ndalama zake, mumangokhala mmodzi wa okongoza, ndipo banki imene inatenga nyumbayo ngati chikole imayamba ndiyo kulandira pa ndalama zogulitsira nyumbayo. Lembetsani dandaulo lanu kwa woyang'anira tsiku lomaliza lisanadutse, ngakhale mutadzalandira zochepa.

Chachisanu, funsani za kugulitsidwa kwa nyumba. M'mayiko ambiri wogula amatenga nyumba pamodzi ndi mgwirizano umene ulipo. Ku United States, gawo 365(h) la lamulo la anthu ogwa ndi ngongole limalola wochita lendi kukhalabe mpaka nthawi ya mgwirizano itatha, ngakhale woyang'anira ataukana. Zimavuta ngati nyumba inaikidwa chikole inu musanalowe, popeza ufulu wa banki ukhoza kuposa wanu. Apa m'pofunika loya kapena bungwe lothandiza anthu pa zamalamulo. Onetsetsaninso mabilu a madzi ndi magetsi ngati ali m'dzina la mwini nyumba, angakudulireni inu mukulipira bwinobwino.

Nanga wogwa ndi ngongoleyo akakhala wochita lendi, inu ndinu mwini nyumba? Ugwireni mtima. Musasinthe maloko, musamutayire katundu panja, musamulande wailesi kapena firiji. Ku United States, munthu akangokasuma kukhoti kuti walephera kubweza ngongole, okongoza onse amaimitsidwa nthawi yomweyo, ndipo milandu yambiri yotulutsa munthu m'nyumba imaima mpaka khoti litaloleza. Gawani ngongoleyo pawiri. Lendi imene anatsala nayo mlandu usanayambe muilembetse kwa woyang'anira ngati okongoza ena onse. Lendi ya miyezi yotsatira ayenera kumalipira ngati akukhalabe m'nyumbamo, ndipo akalephera, pitani kukhoti mukapemphe chilolezo chomutulutsa.