Kufikitsa mawu a ku Blantyre kwa IMF ndi World Bank: poyambira ndi pomwe ambiri amaphonya

Kudandaula za IMF ndi World Bank, mabungwe a padziko lonse omwe amakongoza mayiko ndalama, muminibasi ya ku Ndirande n'kosavuta. Chovuta ndi kufikitsa dandaulolo pomwe lingasinthe kanthu. Gulu la amalonda a ku Limbe, komiti ya kumpingo kapena ophunzira a ku MUBAS angathe kutero, bola adziwe chomwe akupempha, khomo logogoda ndi nthawi yake.

Yambani ndi kusiyanitsa ngongole, poti sizili mtundu umodzi. Ilipo ya m'dziko momwe muno, yomwe boma limabwereka kumabanki ndi kumakampani a penshoni. Chiwongoladzanja chake chimadya gawo lalikulu la bajeti, ndipo ngakhale IMF itasintha lero, ngongoleyi ikhalabe yathu. Yakunja ili patatu: ya World Bank, IMF ndi African Development Bank, yomwe chiwongoladzanja chake n'chochepa, ya mayiko monga China ndi India, ndi ya Afreximbank ndi Trade and Development Bank, yomwe ndi yodula. Mukangolemba kuti "ngongole zonse zikhululukidwe" adzakuyankhani kuti zimenezo zidachitika kale mu 2006 pa ndondomeko ya HIPC yokhululukira ngongole za mayiko osauka, koma tidabwereranso m'dzenje. Tchulani ngongole yake, mwini wake, ndi chomwe mukufuna chichitike nayo.

Zikalata zofunika ndi ziwiri, zonse zaulere pa intaneti: lipoti la Article IV la IMF lounika chuma cha Malawi, ndi Debt Sustainability Analysis, younika ngati dziko lingathe kubweza ngongole zake. Musavutike kuwerenga zonse. Funani tebulo loonetsa ndalama zobweza ngongole poyerekeza ndi zomwe boma limatolera. Za mgwirizano wa ngongole inayake, lembani kalata kuunduna wa zachuma pogwiritsa ntchito lamulo la Access to Information, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Lamuloli limapereka masiku 15 ogwira ntchito kuti akuyankheni, ndipo akakhala chete mumakadandaula ku Malawi Human Rights Commission. Ambiri amaphonya popempha "zikalata zonse za ngongole". Pemphani za ngongole imodzi: chiwongoladzanja, zaka zobwezera, ndi chikole ngati chilipo.

Kenako bweretsani chomwe akatswiri a ku Washington, kulikulu la IMF ndi World Bank, alibe. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mwezi womwewo IMF idavomereza ngongole ya Malawi ya Extended Credit Facility (ECF) ya pafupifupi madola 175 miliyoni, ndipo pofika Meyi 2025 pulogalamuyo idafa isadafike kumapeto. Aliyense amadziwa kuti zinthu zidakwera, koma mawu okha samveka pamsonkhano. Gulani kope, musankhe misika itatu, monga wa Limbe, wa Ndirande ndi wa Chirimba, muzilemba tsiku lomwelo sabata iliyonse mtengo wa shuga, mafuta ophikira, ndowa ya chimanga ndi thumba la feteleza la makilogalamu 50. Muyezo usasinthe. Mukalemba ndowa sabata ino, mbale sabata yamawa, kope lonse lawonongeka. Miyezi itatu ikwana kuti muyambe kulankhula.

Nanga mupemphe chiyani? Ku IMF voti imatsata ndalama. Dziko la America lili ndi mavoti oposa 16 peresenti, pomwe zigamulo zikuluzikulu zimafuna 85 peresenti, kotero lokha lingathe kuletsa chilichonse chachikulu. Malawi sifika ngakhale 0.1 peresenti. N'chifukwa chake pa madola 650 biliyoni a SDR, ndalama zapadera za IMF, omwe adagawidwa kumayiko mu 2021, Africa yonse idapeza pafupifupi 33 biliyoni basi. Mpando wachitatu wa mu bodi ya IMF womwe mayiko a kummwera kwa Sahara adapatsidwa mu 2024 udawonjezera pakamwa, osati mavoti. Izi n'zoyenera kuzitchula, koma sizisintha msanga.

Zomwe zingasinthe msanga ndi za kakambidwe ka ngongole. Zambia idalephera kubweza mu 2020, ndipo idadikira mpaka 2023 kuti igwirizane ndi mayiko omwe adaikongoza. Pemphani kuti kubweza kuziima pomwe zokambirana zili mkati, kuti zokambiranazo zikhale ndi malire a nthawi, ndi kuti mabanki a malonda nawonso azitaya gawo lawo. Pemphaninso kuti mgwirizano uliwonse watsopano ukhale ndi ndime yoimitsa kubweza kukagwa tsoka. Amene adaona matope a namondwe Freddy akutsika ku Soche kulowa ku Chilobwe mu Malichi 2023 safuna kufotokozeredwa chifukwa chake.

Lembani chikalata cha masamba awiri okha, mapempho osaposa atatu. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye chikalata chanu chifike pamisonkhano yomva maganizo a bajeti yomwe unduna umachititsa kuno ku Blantyre, komanso ku komiti ya bajeti ya Nyumba ya Malamulo. IMF ndi World Bank zimakumana mu Epulo ndi Okutobala; perekani chikalatacho msanga kwa mabungwe monga Malawi Economic Justice Network (MEJN) kuti chilowe m'mawu awo.

Musasokoneze makomo. Inspection Panel, nthambi yolandira madandaulo ku World Bank, imamva za mapulojekiti a bankiyo okha, osati za IMF. Anthu awiri okhudzidwa akwana kudandaula, koma sonyezani kuti mudayamba mwauza akuluakulu a bankiyo.

Pa zamalonda, katundu akakanizidwa pa Mwanza kapena mukalipiritsidwa ndalama yosadziwika, sungani lisiti, lembani tsiku, chipata ndi mtundu wa katundu, mukanene pa tradebarriers.org, pomwe SADC ndi COMESA zimalandirira madandaulo otere. Kope la dandaulolo mukasiye ku bungwe la amalonda la MCCCI ku Chichiri.