Momwe munganyamukire pachitunda ndi galimoto yamphamvu ya magiya a pamanja

Amene amayenda msewu wa Khwekhwerere kuchoka ku Golomoti kukwera ku Masasa amadziwa kuti lole ikakuimitsani pakona, kunyamukanso ndi ntchito. Galimoto ngati Subaru WRX, Altezza kapena Golf GTI imavutirapo kuposa Corolla. Klatchi yake ndi yolimba ndipo imagwira mwadzidzidzi: mukakweza phazi pang'ono chabe kupitirira pamene yagwira, injini yazima. Onjezanipo kuti Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe mpweya ndi wopepuka. Injini yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse, choncho kuno imakhala itachepa ndi 15 peresenti kapena kuposerapo. Ya turbo nayo imakhala yaulesi turbo isanadzuke.

Njira yodalirika ndi ya handibuleki. Mukaima, pondani buleki, kokani handibuleki mpaka ilimbe, pondani klatchi mpaka pansi, lowetsani giya wani. Dzanja lamanzere lichoke pa giya lipite pa handibuleki, chala chachikulu chili pa batani. Tsopano chotsani phazi pa buleki. Galimoto ikayamba kutsetsereka apa, vuto ndi handibuleki, ndipo kebulo yake kapena mabuleki a kumbuyo akufunika makaniko.

Pondani faya mpaka muvi woonetsa kuzungulira kwa injini pa mphindi ufike pakati pa 1,500 ndi 2,000, ndipo usunge pomwepo. Pachitunda chowongoka kwambiri, kapena mutanyamula anthu ndi matumba a mbatatesi a pa Lizulu, mutha kufika 2,500. Kenako kwezani klatchi pang'onopang'ono, chidendene chili pansi ngati n'kotheka. Mudzamva kulira kwa injini kukutsika, muvi ukugwa pang'ono, galimoto ikukoka ngati ikufuna kudumpha handibuleki. Pamenepo ndiye pamene yagwira. Phazi lamanzere liime chiimire.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwa. Akatsitsa handibuleki, amatayanso klatchi nthawi yomweyo. Musatero. Tsitsani handibuleki, onjezerani faya pang'ono, koma klatchi muisunge pomwe ili kwa masekondi awiri kapena atatu mpaka galimoto itayenda ngati munthu woyenda ndawala, kenako muimalize. Musathamangire giya thu. Pachitunda lolani muvi udutse 3,000, chifukwa mukasintha msanga galimoto imafooka musanamalize kusinthako.

Galimoto ikabwerera m'mbuyo, ndiye kuti mwatsitsa handibuleki klatchi isanagwire. Ikazima, faya inachepa kapena klatchi mwaitaya msanga: pondani buleki, kokani handibuleki, lizaninso, yambani poyambirira, olira mahutala kumbuyo asakusokonezeni. Mukamva fungo lonunkha ngati mabuleki opsa, mwakhalitsa pa klatchi muli ndi faya wambiri. Kubalansa klatchi kuti galimoto iime pachitunda popanda buleki, komwe ena amakuyesa ukatswiri, n'kumene kumadya klatchi puleti ndi kuwotcha flywheel (chitsulo chozungulira cha injini pomwe klatchi puleti imagwira), ndipo kuti zimenezi zisinthidwe giyabokosi yonse imatsitsidwa.

Dziwaninso matayala amene amakoka galimoto yanu. Altezza yambiri imakoka ndi akumbuyo, ndiye pa dothi lofiira la nthawi ya dzinja kapena pa phula lonyowa ndi nkhungu ya mu June, faya wambiri amapangitsa kumbuyo kugwedera cham'mbali. Golf imakoka ndi akutsogolo, omwe amapepukidwa pachitunda n'kumangozungulira pamalo amodzi. Zonsezi mankhwala ake ndi kuchepetsa faya, osati kuonjeza. WRX imakoka ndi onse anayi ndipo matayala sazungulira pachabe, choncho mukataya klatchi muvi uli pa 4,000, nkhonya yonse imalandiridwa ndi klatchi ndi giyabokosi.

Galimoto zatsopano zina zimadzigwira zokha mabuleki kwa masekondi awiri mukachotsa phazi. Zimathandiza, koma nthawiyo ikatha zimasiya osakuchenjezani.

Poyeserera, sankhani kamtunda kochepa kopanda magalimoto, osati M1. Ikani mwala pafupifupi theka la mita kumbuyo kwa tayala, ndipo nyamukani mobwerezabwereza osaukhudza, mukupumitsa klatchi mphindi zingapo mukatha maulendo asanu.