Mukakumana ndi munthu wa ku Cuba, musayambe ndi Castro

Kuno ku Lilongwe alendo sasowa, ma NGO a ku City Centre amabweretsa anthu amitundumitundu ndipo ena mwa iwo ndi a ku America koma kwawo kwenikweni ndi ku Cuba, komanso ena mwa inu muli ndi abale ku Florida. Vuto lathu ife tikangomva zoti Cuba pompo tayambapo kutamanda Fidel Castro, eti asilikali ake anathandiza ku Angola, Mandela yemwe anapita kukamuthokoza mu 1991. Zoona zimenezo, koma dziwani kuti ambiri mwa amene ali ku America anathawa boma lomwelo, ena analandidwa nyumba ndi mashopu, ena bambo awo anamangidwa. Mandela atafika ku Miami, mzinda wa ku Florida komwe kuli a Cuba ambiri, mu 1990 akuluakulu a mzindawo anakana kumulandira mwaulemu chifukwa choti ankayamikira Castro, anthu akuda anakwiya mpaka anachita kampeni yoti misonkhano isamachitikirenso mumzindawo, zinatha zaka zitatu. Ndiye nkhani imeneyo isiyeni kaye, ayambe yekha.

Funso labwino loyambira ndi loti, banja lanu linachoka liti? Chaka chokhacho chikuuzani zambiri. Amene anachoka Castro atangotenga boma mu 1959 ambiri anali azungu opeza bwino, madokotala, maloya, eni mabizinesi, America inawalandira ndi manja awiri, lamulo la 1966 linkawapatsa mapepala okhalira mosavuta. Sikuti onse zinkawayendera ayi, pakati pa 1960 ndi 1962 ana oposa 14,000 anatumizidwa okhaokha opanda makolo, mukamva wina akutchula Pedro Pan ndi zimenezo, pamenepo ingomvetserani basi musamudule pakamwa.

Akakuuzani kuti 1980, apa ndiye pofunika kusamala kwambiri. Chaka chimenecho anthu pafupifupi 125,000 anawoloka pa maboti kuchokera padoko la Mariel, ambiri anali anthu wamba ogwira ntchito zamanja ndipo akuda analipo ochuluka kusiyana ndi magulu oyamba aja. Boma la Cuba linakwezamonso ena ochokera kundende, ochepa ndithu, koma mbiri yoipa inagwera gulu lonse, manyuzipepala kumangolemba za umbava, mabwana kumawakana ntchito, chopweteka kwambiri n'choti ngakhale a Cuba anzawo omwe anafika kale ankawasala kuti akuwaonongera dzina. Dzina loti Marielito musamutche nalo munthu pokhapokha adzitchule yekha. Zili ngati mmene timachitira kuno, aliyense wa ku Dzaleka kaya wa golosale ku Mchesi kungomuti m'Burundi osafunsa n'komwe ngati ndi wa ku Rwanda kapena ku Congo. Liwu lina loti gusano ndi chitonzo chomwe boma la Cuba linkanenera othawa, limeneli ndiye musaliyerekeze olo mwanthabwala.

Chaka chomwecho cha 1980 anthu a ku Dade County, komwe kuli Miami, anavotera lamulo loletsa boma lawo kugwiritsa ntchito chilankhulo china kupatula Chingerezi, linachotsedwa mu 1993. Choncho mukapeza mwana wa a Cuba yemwe Chisipanishi chake n'chothyokathyoka musamuseke kuti ndiwe wa Cuba wanji, komanso yemwe Chingerezi chake chimamveka chachilendo musamufunse kuti koma ndinudi wa ku America?

Akakhala wakuda musadabwe n'kumati ku Cuba kulinso akuda? Alipo ambirimbiri, ukapolo kumeneko unatha mu 1886, mochedwa zedi. Ameneyu ku Miami amakhala pakatikati, azungu a Cuba samuwerengera kwenikweni, akuda a ku America nawo amamuona ngati wa Chisipanishi. Mukaona wavala mikanda yamitundumitundu m'khosi mwina ndi wa Santería, chipembedzo chochokera kwa Ayoruba a ku Nigeria, musathamangire kuti ndi ufiti kapena kuyamba kumupempherera. Mzinda wa Hialeah, pafupi ndi Miami, unayesapo kuletsa nsembe zawo za ziweto, khoti lalikulu la America linagamula mu 1993 kuti kuteroko n'kuphwanya ufulu wa chipembedzo.

Obwera mu 1994 anawoloka pa tizikepe todzipangira okha, matabwa ndi machubu a galimoto, ambiri anakasungidwa kaye ku Guantánamo, kampu ya asilikali a America yomwe ili ku Cuba konko. Kuyambira 1995 mpaka Januwale 2017 yemwe waponda mtunda wa America ankaloledwa kukhala, wogwidwa ali panyanja kubwezedwa, pomwe a ku Haiti mwayi umenewo analibe. Ndi nkhani yoyenera kufunsa koma mutazolowerana kaye.

Njira yachidule yozolowerana ndi chakudya. Pitani ku Lizulu mukagule chinangwa ndi nthochi zophika, phikani mpunga ndi nyemba, nyama ya nkhumba ngati mumadya, zonsezo n'zakwawo, chinangwacho muwiritse n'kuthirapo adyo wokazinga ndi madzi a ndimu. Mnzanu wa ku Cuba uja akakupangirani khofi musadandaule kuti kapu yachepa, kamakhala kakang'ono ngati chitsekero cha botolo, kowawa komanso kotsekemera shuga wambiri, ku Miami amagula kapu imodzi pawindo la lesitilanti n'kugawana anthu angapo ataimirira. Imwani kamodzi kokha ngati mukufuna kugona usiku umenewo, ndipo akatulutsa madomino khalani mbali ya munthu wodziwa kusewera chifukwa amasewera awiriawiri ndipo sanyengererana.