Kuyala mabatani pa sikirini kuti munthu asalakwitse

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndege za B-17 za ku America zinkachita zachilendo: ikangotera, matayala n'kubwerera m'kati, ndege n'kukhuta mimba pansi. Mlandu unkagwera oyendetsa. Alphonse Chapanis, katswiri wa za maganizo a anthu, atapita kukaona anapeza kuti chogwirira cha matayala ndi cha mapiko zinali zofanana, komanso zoyandikana. Anamata kagudumu ka mphira pa cha matayala, dzanja n'kuyamba kusiyanitsa lokha. Maphunziro a human factors, oyeza zimene diso, dzanja ndi mutu wa munthu zingathe, anakulira pa ngozi zoterezi, ndipo opanga mapulogalamu a foni ndi kompyuta amatapa nzeru mmenemo.

Yambani ndi chala. Katswiri wina, Paul Fitts, anasonyeza mu 1954 kuti chinthu chikachepa kapena kutalikira, dzanja limachedwa kuchifika. Apple imati batani lisachepere 44pt mbali zonse, Google imati 48dp, pafupifupi mamilimita 9 (pt ndi dp ndi miyezo ya kukula kwa zinthu pa sikirini). Batani lofufuta lisagundane ndi losunga, ndipo asafanane maonekedwe.

Funso lakuti "Mukutsimikiza?" lokhala ndi Inde ndi Ayi silithandiza kwenikweni, chifukwa anthu analizolowera, amangodina osawerenga. Pa sikirini yomaliza yotumizira ndalama onetsani dzina la wolandira, ndalamayo ndi chindapusa chotumizira, ndipo batani lenilenilo linene ntchito yake: "Tumizani K25,000". Dzina ndi limene limagwira munthu amene wasokoneza nambala imodzi. Pa menyu ya USSD, ija timaitsegula poimba nambala yoyamba ndi * n'kutha ndi #, uthenga umodzi sudutsa zilembo 182, choncho dulani moni, osati dzina.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa yankho la makina. Munthu akadina, pasanathe gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi batani lisinthe maonekedwe. Ntchito ikapitirira sekondi imodzi, onetsani kuti ikuyenda. Ikafika masekondi 10, maganizo ake apita kwina. Netiweki ikamavuta, amene sakuona chilichonse amadinanso, n'kulipira kawiri. Tsekani batanilo akangodina koyamba. Ndipo musalembe "Zatheka" seva, kompyuta imene imalandira ndi kugwira ntchitoyo, isanavomereze. Ku Three Mile Island, malo opangira magetsi a nyukiliya ku America, mu 1979, nyali ya pa bolodi inkaonetsa kuti lamulo lotseka valavu (chotsekera paipi) laperekedwa, pamene valavuyo inakakamira yotsegula. Ogwira ntchito anakhulupirira nyali, madzi oziziritsa akutayika kwa maola oposa awiri.

Za mitundu n'zachidule. Muyezo wa WCAG, malangizo othandiza kuti aliyense, olumala omwe, athe kugwiritsa ntchito masamba a pa intaneti, umafuna kuti zilembo wamba zisiyane kuwala ndi kumbuyo kwake pa mlingo wa 4.5:1, ndipo zilembo zotuwa zimene zimakongola mu ofesi zimasowa padzuwa la masana. Musadalire kufiira ndi kubiriwira kokha, pakuti pali amuna ambiri amene sasiyanitsa mitundu iwiriyi. Ikani mawu kapena chizindikiro pambali pake.

Kenako yesani pa anthu, musanalembe pulogalamu n'komwe. Jambulani sikirini iliyonse papepala. Jakob Nielsen, katswiri woyesa mapulogalamu pa anthu, anawerengera kuti anthu asanu amavumbula pafupifupi 85 peresenti ya zovuta, ndiye kuli bwino kuyesa katatu ndi asanu asanu kusiyana ndi kamodzi ndi 15. Asakhale anzanu a mu ofesi. Pezani eni ake oti adzagwiritse ntchito, pa foni zawozawo, ngakhale zagalasi long'aluka.

Mpatseni munthuyo ntchito, osati njira: "Munditumizireko K5,000 kwa mayi kumudzi." Mupempheni azilankhula zimene akuganiza, inu mukhale chete. Pamavuta apa, chifukwa chala chake chikamazungulira pa batani lolakwika pakamwa pamayabwa. Akafunsa kuti "Ndidine pati?", mubwezereni funso: "Inuyo mukuona ngati pati?" Lembani pamene anaima, mawu amene sanawamve, ndi nthawi imene yatha. Akati "pepani, ndine mbuli pa zinthuzi", lembani kuti sikirini imeneyo ili ndi vuto. Anthu awiri akakodwa malo amodzi, konzani pepalalo musanaitane wachitatu.