Phala la mwana lisamakhale lamadzimadzi chonde

Amayi anzanga kuno ku Zomba, ndi abambo omwe poti inunso mumadyetsa ana, zija amatiphunzitsa kusikelo za magulu 6 a zakudya ambiri timangoti eya eya koma tikafika kunyumba basi phala la ufa woyera ndi shuga, chonsecho zinthu zake sizodula ayi.

Mwana akakwana miyezi 6 muyambitseni phala la mgaiwa uku akuyamwabe mpaka zaka 2, ndiye likhale lolimbako, loti mukapendeketsa sipuni lisamayoyoke ngati tiyi chifukwa kamimba kake nkakang'ono, kakadzadza madzi ndiye kuti wadya chani? Thiranimo nsinjiro, kapena soya koma muyambe mwamukazinga, wosakazinga amavuta m'mimba komanso kafungo kake ana amakana. Chinanso chomwe ine ndimachikonda, matemba a ku Chilwa aja muwawambe pang'ono, sinjani ndi mitu yomwe nkusefa, kasipuni kamodzi muphala basi. Tsiku lina peyala, tsiku lina dzira, kaya bonongwe wosinja.

Phala lomweli agogo amene mano anatha amadya bwinobwino, nawonso osamangowapatsa nsima ya therere daily. Ana asukulu m'mawa apatseni mbatata yofiira mkati ija, ili ndi vitamini A wambiri, kusiyana ndi kuwagulira tizakumwa tashuga pageti.

Ndipo soda mumasamba tachepetsani abale, amapha mavitamini, nkhwani ukakhala wanthete umapsa wokha.