Mpumulo wa Lamulungu umakonzedwa Loweruka

Alimi anzanga kuno ku Kasungu, nyengo yothyola fodya ikafika ambiri timapita kutchalitchi thupi lokha, mtima uli kuchigafa. Ena sapita n'komwe. Chimene chimatidyera tsikuli ndi fodya wothyola Loweruka madzulo.

Yesani izi. Loweruka lekani kuthyola dzuwa likafika pamutu, ndipo thyolani wokhawo amene mungathe kusoka ndi kupachika dzuwa lisanalowe. Fodya wamuwisi akagona pamulu amatentha n'kuyamba kuda, ndiye ukamusiya usiku, Lamulungu m'mawa umapezeka uli pansi ndi singano, belu likulira. Tsamba limene likadali pamtengo lingathe kudikira mpaka Lolemba, la pamulu silidikira.

Aganyu alipireni Loweruka lomwelo kuti asadzakugogodereni m'mawa, nawonso akapume. Kuchigayo pitani Lachisanu, popeza Loweruka mzere umatalika ndipo magetsi akathima mwagwa nayo. Madzi, nkhuni ndi kusita zovala, zonsezi zithe madzulo, ndipo abambo ndi anyamata agwireko. Zimandiwawa kuona bambo atakhala pamthunzi akuti akusunga tsiku la Ambuye, mayi ali ndi ndowa pamutu kuchokera kumjigo.

Musaganize kuti lamulo la m'Baibulo loti tizipuma linaiwala alimi. Eksodo 34:21 akunena kuti tipume ngakhale nthawi yolima ndi yokolola, ndipo Eksodo 23:12 akutchulanso ng'ombe ndi bulu, choncho ngolo nayonso iime. Abale a Seventh Day, zonsezi muzibweze tsiku limodzi, zithe Lachisanu dzuwa lisanalowe.