Kusankha ndi kulumikiza swichi yopondera ya ampulifaya ya gitala

Kuti muziponda swichi n'kusintha channel (kamvekedwe ka ampulifaya) uku mukuimba, konzani izi: swichi ya SPST (ya miyendo iwiri, yongolumikiza ndi kudula), kabokosi kachitsulo, jack (dzenje lolowetsamo pulagi) ya 6.35 mm, waya, chowotcherera ndi multimeter (chida choyezera magetsi).

1. Werengani buku la ampulifaya yanu. Ngati imasintha chinthu chimodzi, jack ya TS (ya pulagi yokhala ndi nsonga ndi thunthu basi) ikwana. Ngati ziwiri, monga channel ndi reverb (mawu obwerera ngati m'holo), pakufunika swichi ziwiri ndi jack ya TRS (ya pulagi yokhala ndi nsonga, mphete ndi thunthu).

2. Dziwani mtundu wa swichi, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Lowetsani chingwe pa dzenje lolembedwa footswitch, osati la sipika, kenako gundanitsani nsonga ya pulagi ndi thunthu lake ndi kawaya. Channel ikasintha pokhapokha mwagwirizira, n'kubwerera mukachotsa, gulani ya latching (yokhala pomwepo mpaka mutaipondanso), ya mtundu wa Boss FS-5L. Ikasintha n'kukhala pomwepo mpaka mutagundanitsanso, gulani ya momentary (yogwira ntchito pokhapokha mwaiponda), ya mtundu wa Boss FS-5U. Mukagula ya momentary pomwe pakufunika ya latching, muzingoima phazi lili pa swichi nyimbo yonse.

3. Wotchererani waya wa nsonga ku mwendo umodzi wa swichi, wa thunthu ku mwendo winawo. Pa TRS, nsonga ipite ku swichi yoyamba, mphete ku yachiwiri, ndipo thunthu likhale la onse awiri.

4. Yezani ndi multimeter, mutaiika poti izilira mawaya akalumikizana: pa ya latching, ilire mukaponda, isiye mukapondanso. Ya momentary imasiya mukangochotsa phazi.

5. Tsitsani voliyumu, lumikizani, yesani.

Ampulifaya zina, monga Fender Hot Rod Deluxe, zimadalira ma diode (tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) a m'kati mwa swichi yake. Pamenepo ingogulani yakeyake.